Mizere Itatu ya M'malire

Lestina anafika kudimba dzuwa litatuluka kale, manja atawapisa m'khwapa chifukwa cha kuzizira. Ali chapatali anaona Gertrudes, amake Dércia, mkazi wa mkulu wa mwamuna wake, akutuluka m'mizere ya mbatatesi zake, ndowa ili m'manja. Gertrudes sanacheuke. Anangolumpha ngalande n'kulowa m'dimba lake lomwe linali moyandikana.

Pofika masana masamba a mbatatesi anali atafota. M'mawa mwake anali atada bii, ngati wina wadutsitsapo moto. Pa mizere khumi ndi iwiri panatsala itatu yokha yobiriwira, ya m'malire ndi dimba la Gertrudes.

Lestina anali mtengwa wa miyezi isanu chabe ku Ntengo-Wambalame. Kwawo ku Chidzolomondo, m'boma la Macanga, ankalima fodya ndi chimanga, mbatatesi ankangoziona pamsika. Dimbali apongozi ake anam'patsa atangofika, kulichotsa m'manja mwa Gertrudes amene analilima zaka zisanu ndi ziwiri. Chiyambire tsiku limenelo akazi awiriwa moni ankapatsana maso ali kumbali. Mbewu anaigula atagulitsa mbuzi imene mayi ake anam'patsa paukwati, ndipo ankadziwa kuti zikangoferatu zonse, dimba libwerera kwa mwini wake wakale.

Madzulo anaimbira foni mwamuna wake Caetano, amene anali ku Tete kokagulitsa kabichi.

"Chimenecho n'chisanu, mkazi wanga," anatero Caetano. "Kwathu kuno mwezi wa Junyu chimawotcha mbewu."

"Chisanu chosankha mizere? Chisanu choyenda ndi ndowa?"

"Ndowa ya ndani?"

"Ya amake Dércia. Mizere yoyandikana ndi yawo aisiya, kuopa kuti mankhwala angafike kwawo."

Caetano anaseka, nayamba kunena zinazake, koma foni inaduka. Kuseka kumeneko kunam'pweteka Lestina kuposa ming'alu ya kuzidendene. Anakumbukira kuti Loweruka, pamsika wa Tsangano, anaona Gertrudes akugula kabotolo n'kukamanga msanga pansonga ya nsalu.

Masiku awiri otsatira kunali mitambo ndi mvula yowaza. Zochapa sizinkauma pachingwe. Mbale ankatsuka ndi madzi ofunditsa, apo ayi zala zinkauma gwa. Ng'ombe ankazitsekulira mochedwa, ndipo mulu wa nkhuni unkatsika ngati pali wina akuuba. Lestina ankasuzumira pazenera m'mawa uliwonse. Gertrudes sanapite kudimba.

Tsiku lachitatu mphepo inaleka, kumwamba kunayera mbee. Madzulo Lestina anaona Gertrudes ataima pabwalo, akuyang'ana kumwamba nthawi yaitali. Kenako anatenga ndowa ija n'kuiika pakhomo.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," Lestina anadziuza.

Tambala atalira kachiwiri, Lestina anavala jekete la Caetano n'kutsetserekera kudambo. Anali asanatulukepo nthawi ngati imeneyi chibwerere kuno. Udzu unkalira khwasukhwasu kumapazi. Anabisala kuseri kwa nthochi, mano akugundana. Kutayamba kuyera anaona masamba a mizere yake itatu ali ndi zoyera ngati ufa. Ndiye kuti Gertrudes wawaza kale? Koma zoyerazo zinalinso paudzu ndi pamasamba a nthochi. Asanaganize bwino, anamva mapazi.

Gertrudes anatunga madzi m'ngalande, nadutsa dimba lake osaima, n'kuyamba kuwaza ndi dzanja pa mizere ya Lestina. Anatunga kachiwiri, kachitatu. Ali pamzere womaliza, Lestina anavumbuluka n'kugwira ndowa.

"Lero ndakupezani! Mwabwera kudzamaliza?"

"Mayo! A ku Macanga, mukufuna kundiphetsa ndi mtima? Siyani ndowa."

"Sindisiya. Tipite nayo kwa apongozi, akanunkhize okha."

"Akanunkhize chiyani? Madzi a m'ngalande?"

"Ndi za m'kabotolo ka ku Tsangano."

"Ka nkhupakupa za ng'ombe kaja? Kodi inu mumakhala mukundiwerenga mapazi?" Gertrudes anayang'ana kuphiri, kumene kunayamba kufiira. "Siyani, mwana inu, nthawi ikutha!"

Lestina anagwiritsitsa. Changu chimenecho kwa iye chinali umboni. Anakokana, madzi akuwakhavukira m'miyendo, ozizira ngati mpeni. Anakalipirana za dimba, za moni, za mchere umene wina anakana kubwereka mwezi wa Marichi. Potsiriza Gertrudes anaweramira m'ndowa, natapa madzi ndi manja awiri, n'kumwa. Anatapanso n'kumwa.

"Ngati muli mankhwala, ndife tsopano, mukaitane anthu a maliro."

Lestina anasiya ndowa.

"Safunsa anadya phula," anatero Gertrudes. "Zoyerazi n'chisanu. Dzuwa likachipeza chili pamasamba, mbewu yapsa. Timachitsuka ndi madzi lisanatuluke. M'dimba lanuli ndi momwe dzuwa limayambira kufika, n'chifukwa chake ndimayamba kuno. Tsiku lija ndinangokwanitsa mizere itatu, kwanga kukundidikira."

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndiuze khomo lotseka? Ndiponso musadzinamize, sindimathirira inu. Nthaka imeneyi ndinaisenzera ndowe pamutu zaka zisanu ndi ziwiri. Sindingaione ikuchita manyazi."

Pamenepo kuwala kunatsika phiri, kunadutsa mizere itatu yonyowa ija, n'kuyamba kukwawira m'dimba la Gertrudes, lomwe linali loyera lonse.

Gertrudes anathamangira kungalande. Lestina analibe ndowa. Anavula jekete la Caetano, naliviika m'madzi, n'kumalifinyira pamasamba. Zala zinasiya kumva. Ankathamanga, kugwa, kudzuka. Koma dzuwa silidikira munthu. Anatsuka mizere isanu ndi umodzi, inayo inawalidwa chisanu chili pomwepo.

Pofika masana mizere isanu ndi iwiri ya Gertrudes inali itagona. Itatu ya Lestina inali chiimire, yobiriwira moti sankatha kuiyang'ana.

Tsiku lonse Lestina anadikira kuti aitanidwe kwa apongozi. Anasesa pabwalo kawiri, makutu ali kunyumba ya Gertrudes. Palibe anabwera. Kodi akusunga nkhaniyi kuti adzaitulutse Caetano akabwera? Sanadziwe.

Madzulo kumwamba kunayeranso, mphepo osagwedeza ngakhale tsamba. Lestina anaima pabwalo n'kuyang'ana kumwamba monga anaonera mnzake akuchitira. Kenako anatenga ndowa zake ziwiri, nadutsa pakhola, n'kukaziika pakhomo pa Gertrudes, pambali pa ndowa ija.

Gertrudes anali akuwaza nkhuni. Anaziyang'ana ndowazo, nayang'ana Lestina.

"Mawa tiyambire kwanu, amake Dércia," anatero Lestina, maso ali pansi. "Kwanga kudikire."

"Kwanu sikudikira, ndakuuzani kale. Inu mudzayambire kwanu, mukamaliza mudzalumphe ngalande." Anakweza nkhwangwa, kenako anaitsitsa. "Koma m'ndowa zanuzi mudzakhala madzi okha?"

"Mudzalawa," anayankha Lestina.