Sabata ya Wezi, Sabata ya Dorika

Ntchito yanga pa koleji paja inali yomvera anthu akulira, ndipo ndinkaidziwa bwino. Mayina a osankhidwa akangomatidwa pa bolodi, a Tsoka, mkulu wa kolejiyo, ankadzitsekera mu ofesi n'kuuza aliyense kuti, "Pitani kwa mayi Fainala." Ndiye kwa masabata awiri ine pawindo, mafomu a apilo dzanja ili, chidindo dzanja ilo, mzere kufika mpaka pa mtengo wa mango. Koleji yake inali yaing'ono, yophunzitsa alangizi a zaulimi, pakati penipeni pa minda ya fodya. Malo analipo 120, ofunsira kupitirira 900. Otsalawo onse ankathera kwa ine.

Abale inu, ndinamva zinthu pawindo paja! Wina akuti analota atavala yunifolomu yathu, ndiye tionenso bwino mndandandawo. Wina akuti malume ake ndi munthu wamkulu ku Lilongwe, ndisamale. Wina anabwera ndi nkhuku m'khwapa, akuti ndi moni chabe. Ndinamuuza kuti nkhukuyo ikadzakhoza Fomu 4 idzabwere yokha ndi satifiketi yake. Lamulo linali lachidule: apilo imamveka ngati tawerengera mapointi molakwika, kapena ngati tataya mapepala anu. Zina zonse ndinkamva ndi khutu limodzi.

Chaka chimene ndikunenachi, nkhani ya makuponi a feteleza inali mkamwamkamwa m'midzi monse. Tsiku lachisanu la ma apilo panafika bambo wina wachikulire, jekete lalikulu, zala zakuda bii ndi utomoni wa fodya. Kumbuyo kwake kunali atsikana awiri ofanana ngati nthochi za phava limodzi.

"Monire mama," anatero bamboyo. "Ine ndine Yobe Zgambo, wa ku Chisemphere. Uyu ndi Wezi, mwana wanga, mwamutenga. Uyu ndi Dorika, wa malemu mng'ono wanga, mwamusiya."

Ndinatsegula fayilo. Wezi anali ndi mapointi 24, pamene ife tinadulira. Dorika 25. Pointi imodzi yokha basi.

"Bambo, tawerengera molakwika?"

"Ayi, mwawerengera bwino."

"Tataya pepala?"

"Ayi mama."

"Nanga mwabwera kudzatani? Kudzandiona nkhope?"

A Yobe anakhosomola, n'kuyandikira windo ngati akufuna kundigulitsa mbuzi yakuba. "Ife sitikupempha malo ena. Amene mwatipatsawa akwana. Tangobwera kudzakudziwitsani kuti tigawana."

"Mugawana chiyani?"

"Malowo. Kwathu kuponi ikabwera pa dzina limodzi, sitimenyana ayi. Timakagula thumba, kuyala chiguduli pansi, ndowa iyi kwa uyu, ndowa iyi kwa uyo. Ndiye Wezi aziphunzira sabata ino, Dorika sabata yamawa. Bedi limodzi, mbale imodzi, mpando umodzi. Inu simuluza kanthu."

Ndinawayang'ana kuti mwina aseka. Sanaseke. Anandifotokozera kuti ana awiriwa anaphunzira choncho kuyambira Fomu 1. Onse analembetsa sukulu, koma fodya akafika pothyola pakhomo pankafunika manja, ndiye sabata ino wina m'kalasi wina m'chigafa kusoka fodya, Loweruka n'kukhala pansi kukoperana notsi. Ngakhale kalembedwe kawo kanafika pofanana.

"Nanga akapanda kulowa Dorikayu?" ndinafunsa, ngakhale sizinali pa fomu.

"Ndiye kuti ndi wa m'chigafa mpaka kalekale," anatero a Yobe. Dorika anangoyang'ana pansi.

Ndinawalembera apilo yawo mmene anainenera, liwu ndi liwu, n'kupita nayo ku komiti. A Tsoka anaseka mpaka kuvula magalasi. Anaiwerenganso mokweza kuti aphunzitsi ena amve, kenaka anati, "Koleji si thumba la yureya, mayi Fainala. Kawauzeni azipita." Analemba mawu amodzi okha pamwamba pake, akuti yakanidwa. Kukana kunali koyenera, inenso ndikanakana. Chimene chinandinyansa n'kuseka kuja.

Nditawauza a Yobe, anangoti, "Yewo mama," n'kuvala chipewa. Pamenepo ndinadziwa kuti pali kanthu. Munthu wokanidwa pawindo panga ankatukwana, kapena kulira, kapena kundilonjeza kuti tidzaonana. Wothokoza ndinali ndisanamuonepo.

Sukulu inatsegulidwa. Lolemba lililonse ophunzira ankabwera kwa ine kuti ndiwadindire khadi la chakudya. Lolemba loyamba kunabwera Wezi, akusekerera, kampata kake ka pakati pa mano kali poyera. Ndinadinda. Lolemba lachiwiri kunabwera mtsikana wovala yunifolomu yomweyo, nsapato zomwezo, milomo atatseka kuti psiti.

"Dzina?"

"Wezi Zgambo," anayankha osatsegula bwino pakamwa.

"Tasekerera."

Anapukusa mutu.

"Ndati usekerere, iwe! Wamwalira ndani?"

Anakana ndithu, ndipo ndinadziwa kuti ameneyu si Wezi. Mano a Dorika anali othithikana ngati chimanga cha haibulidi, analibe mpata ngakhale wolowetsa udzu. Chidindo chinali m'manja mwanga, ofesi ya a Tsoka inali masitepe asanu okha kuchokera pamene ndinakhala. Ndinaganiza za pointi imodzi ija, ndinaganiza za magalasi aja akuvulidwa. Kenaka kamtima kanga koipa kanati, taona kaye, anthu a madigiriwa atenga masiku angati kuti azindikire. Ndinadinda kuti phwa, n'kumuuza kuti achoke pamaso panga.

Masiku angati? Zaka ziwiri, abale! Zaka ziwiri zathunthu. Ophunzira anzawo ankadziwa onse, koma ana a alimi saululana pa nkhani yogawana. Aphunzitsi ambiri anali aganyu, ankabwera pa njinga yamoto, kulankhula ndi bolodi, n'kubwerera. Mmodzi yekha ndiye anadzandidandaulira pa nthawi ya tiyi. Akuti, "Mwana uja Zgambo sindimumvetsa. Sabata ina kuseka ngati walandira bonasi, sabata ina nkhope ya pamaliro. Koma chodabwitsa, akakwiya m'pamene amakhoza kwambiri." Ine ndinati mwina ndi njoka za m'mimba. Tiyi anatsala pang'ono kunditulukira m'mphuno.

A Tsoka nawo anafika pomutchula pa msonkhano kuti ndi chitsanzo, mwana amene sanadwalepo ngakhale tsiku limodzi. Akanadwala bwanji, poti malungo akagwira wina, mnzake ankangokwera njinga n'kubwera? A Yobe ankadutsa pawindo panga kamodzi pa teremu, n'kungokweza chipewa. Ine ndinkawayankha ndi tsinya, kuti anthu asatiganizire. Ndisaname, ndinkasangalala. Pa zaka zonse zimene ndinakhala ndikuuza anthu kuti ayi, iyi inali apilo yokhayo imene ndinaivomera ndekha, popanda komiti.

Mayeso otsiriza anali a sabata imodzi, ndipo anagwera sabata ya Dorika. Ndinamva kuti kunyumba anakambirana zoti asinthane, koma Wezi yemweyo anakana, akuti mnzakeyo ndiye mutu wake umagwira. Dorika analemba mapepala onse asanu ndi limodzi, milomo ili chitsekere. Zotsatira zitabwera, Zgambo anali nambala wani pa kalasi yonse. A Tsoka anandituma kuti nditayipe mayina a pa masatifiketi. Ndinatayipa Wezi Zgambo, chifukwa ndi dzina lokhalo limene linali m'mabuku. Pa mwambo anakalandira Wezi, akusekerera, ndipo wojambula anajambula.

Ntchito inamupeza msanga Wezi, koma kutali, kuchigwa cha Shire. Kumeneko kunalibe zoti sabata ino uyu sabata yamawa uyo, ulendo wake ndi wa masiku awiri, ndipo chiphaso cha ntchito chinali ndi chithunzi. Wezi anapita akulira, ndinamva choncho. Anapitabe.

Patatha miyezi inayi, nyengo ya ma apilo itakwananso, ndinakweza mutu n'kupeza Dorika ali pawindo. Anali atavala chitenje ndi mpango, zala zakuda ndi utomoni. Anaima pamzere kuyambira m'mawa ngati wina aliyense.

"Amayi, pa esiteti ina ku Lukwa akufuna mlangizi. Ndakambirana nawo, andifunsa za nazale, za nthaka, za matenda a fodya, ndayankha zonse. Akuti ndingobweretsa kalata yoti ndinaphunzirapo pano. Ngakhale ya mizere iwiri."

Kalata imeneyo ndikanailemba mphindi zitatu. Koma ikanangotuluka, wina akanafunsa kuti Dorika Zgambo analowa liti, fayilo yake ili kuti. Satifiketi ya Wezi ikanafafanizidwa, ntchito yake kutha, yanganso kutha. Ndinamufotokozera zonsezi pang'onopang'ono, mawu ali pansi, anthu apamzere akung'ung'udza kuti tikuchedwa.

"M'mabuku athu, mwana wanga, iwe sunapondepo pano."

"Ndikalembetsanso chaka chino?"

"Akweza. Tsopano akudulira pa 22."

Anagwedeza mutu. Sanatukwane, sanalire. Ine ndiye ndinamva manyazi mpaka m'mafupa, chifukwa masewera aja ndinkaseka nawo ndine, ndipo sindinaganizepo n'kamodzi komwe kuti pepala la satifiketi lidzatuluka limodzi lokha.

"Koma mayeso aja ndinalemba ndine, amayi. Inu mukudziwa."

"Ndikudziwa."

"Nenani ndimve."

Ndinayang'ana chitseko cha a Tsoka. Chinali chotseka monga mwa masiku onse.

"Unalemba ndiwe, Dorika. Unaposa onse."

Pa zaka ziwiri zonse zija ndinali ndisanamutchulepo dzina lake. Anamanga bwino mpango wake.

"Ndapita, amayi. Ndasiya fodya pamphasa, adada Yobe sangathe kusoka okha."