Pijo ya Pachulu

Tsiku losudzula a Howard Makina litayandikira, nkhani pamudzi sinali ya a Howard ayi, inali ya galimoto yawo. Zoti munthuyo apita aliyense ankadziwa. Mkazi wawo Alesi anagwa m'munda wa nandolo dzinja lapitalo, osadzukanso. Maliro analiridwa, tsitsi linametedwa, ndipo mkamwini mkazi akamwalira alibenso chake pamudzi wa eni. Abale a mkazi amakuthokoza, amakumasula, iwe n'kunyamula zomwe unabwera nazo. A Howard anabwera ndi khasu, sutikesi ndi Pijo.

Inali Pijo 404 yabuluu. Anaigula akali dalaivala ku esiteti ya tiyi ku Mulanje, kwa bwana wina amene ankabwerera kwawo, ndipo ndi yomweyo anakafunsira nayo mbeta kumunsi kwa Michesi, kufupi ndi Chiringa. Tsopano buluuyo anali atasuluka, mipando anaisoka ndi ulusi wa matumba a feteleza, sitata inafa kalekale. Koma injini inali yamoyo.

Chifukwa cha sitatayo, galimotoyo inkagona pamwamba pa chulu kuseri kwa nyumba, mphuno itayang'ana kumunsi, mwala patayala. Lamlungu akaweruka kutchalitchi, a Howard ankachotsa mwalawo, kulowa, kumasula buleki, kuisiya itsetsereke, giya yachiwiri, phazi kuchoka paklatchi, basi yalira. Ankakazungulira nayo pamsika n'kudzaikwezanso chambuyo pachulu pomwepo. Wokankha sankamufuna. Munthu akakukankhira galimoto lero, mawa amabwera ndi mbuzi yake kuti umunyamulire, mkuja amaitchula kuti yathu.

Akaizimitsa ankatsegula boneti n'kuchotsa rota, kachipangizo kochepa ngati chala kamene kamagawa moto kumapulagi. Popanda kameneko galimoto ndi chitsulo chabe. Ankakachotsa poopa alamu awo ndi ana a alamu awo, anthu oti akaona chinthu chili phee manja amawayabwa. M'thumba mwawo sankakasunga, poti malaya amachapidwa ndi anthu. Ankakapereka kwa Alesi.

"Ndasanduka mlonda wanu ine?" ankatero Alesi, koma ankalandira. Komwe ankakabisa, a Howard sanafunsepo. Lamlungu ankangotambasula dzanja, rota n'kugweramo.

Chimwalirire Alesi, Pijo sanaigwirenso. Udzu unamera mpaka m'mabampala.

A Nickson, mlongo wake wa Alesi, amene anali mwinimbumba, anabwera pakati pa sabata n'kukhala pakhonde osadikira kupatsidwa mpando.

"Alamu, Loweruka tikumasulani. Zanu zonse mutenge tsiku lomwelo. Chotsala pano ndi cha pano."

"Ngakhale galimoto?"

"Ikatsala, yatsala. Chulucho Noah, mdzukulu wangayu, akufuna kuumbapo njerwa. Komanso Che Faiz wa ku Chiringa akuifunabe. Bwanji osangomupatsa, inu mupite wopepuka? Kwanuko mukaidyetsa chiyani?"

"Mwagwirizana zotani ndi Faiz?"

"Aa, alamu! Inu chilichonse ndi chiwembu basi."

"Sindinanene chiwembu ine. Mwanena ndinu."

Che Faiz anali wogula mpunga, mwini golosale pa Chiringa. Kuseri kwa golosaleyo kunali Pijo ina ya malemu bambo ake, yowola thupi lonse, nkhuku zikuikira m'kati. Zaka ndi zaka ankawalondalonda a Howard kuti amugulitse yawoyo. A Howard ankamuyankha mawu amodzimodzi: ndikadzafa.

A Nickson atachoka, a Howard anayamba kufuna rota. Anakhuthula mitanga, anapisa m'mitsuko, anagwedeza zitini za mchere ndi za mbewu, anakweza mphasa, anasanthula udzu wa denga pamwamba pa chitseko. Felista, mwana wawo wamkazi, amene nyumbayo inali kutsalira iye, anawapeza atagwada pansi pa bedi.

"Mukufuna chiyani, ababa?"

"Ndani walowa muno? Ana a Nickson?"

"Palibe walowa. Nenani chimene chasowa."

Anamuuza. Felista anakhala pansi pang'onopang'ono, dengu lili m'manja.

"Kakuda, kokhala ndi kachitsulo kumutu? Amayi ankakaika m'chikwama chawo chopitira kutchalitchi. M'kathumba kam'kati, kazipi."

"Chili kuti chikwamacho?"

"Ababa, simunaone? Amayi akumpingo anachiika m'bokosi. Pamodzi ndi buku la nyimbo ndi magalasi. Anati munthu sapita wopanda zake."

"Osatsegula kaye?"

"Chikwama cha maliro atsegule ndani?"

A Howard anadzuka, mawondo akulira, n'kukhala pabedi. Anafuna munthu woti amukalipire, osamupeza. Zaka zonsezo ankabisira akuba, ndipo palibe anaba. Wotenga anali munthu mmodzi yekhayo amene anamukhulupirira, ndipo anatenga mosadziwa.

"Ingogulitsani, ababa," anatero Felista. "Mwatopa. Maso anunso si aja."

"Nawenso akutuma?"

Felista anatola zitini n'kuyamba kuzibwezera m'malo.

Rota ya galimoto ngati imeneyo siipezeka pa Chiringa, ngakhale pa boma pa Phalombe. Mwina ku Limbe, kwa anthu okuona ukalamba n'kukupatsa ya galimoto ina. Yodziwika inali imodzi yokha, m'Pijo ya nkhuku ija. Lachisanu a Howard anamangirira batire panjinga, kukaisiya kwa wometa kuti ilowe moto wa sola, n'kuwolokera kugolosale.

"Madala!" anafuula Che Faiz ali kuseri kwa sikelo. "Kodi mwafa? Paja munati ndidzaiona mukadzafa."

"Ndatsala pang'ono. Ukuifunabe?"

"Funso limenelo?"

"Munthu sagula galimoto asanaimve. Ubwere mawa. Ubwere ndi rota ya bambo ako, yanga palibe."

Che Faiz anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anaseka. "Mwavomera msanga bwanji, madala? Ndikuopa."

"Ndati udzaimve. Sindinanene zina."

Loweruka mwambo sunatalike. Anakhala pabwalo, thobwa linazungulira, a Nickson anaimirira n'kunena kuti mlamu wawo anawasungira bwino mlongo, ana analera, tsopano ndi womasuka, akafuna kukwatira akwatire. Anthu anaseka. A Howard sanaseke. Anawayang'ana mmodzimmodzi: amene anawanyamulira odwala kupita kuchipatala, amene anawanyamulira mabokosi a maliro pamwamba pa Pijo. Onse maso anali kuchulu. Noah anali atatsamiritsa kale zikombole za njerwa pamtengo wa mango.

Felista anaika sutikesi ndi khasu kumpando wakumbuyo, n'kuwonjezapo beseni la nandolo. A Howard anathira petulo wa m'mabotolo, anamanga batire, anapukuta mapulagi ndi nsonga ya malaya. Che Faiz anatulutsa rota m'thumba la mkanjo. Inalowa bwinobwino.

"Alamu," anatero a Nickson, "ikakana kumunsiko, ife misana yathu ndi yakale. Musatidalire."

"Ndinakudaliranipo liti?"

Chulu chinali chimodzi, mwayi unali umodzi. Ikafika kumunsi isanalire, ikhala pomwepo, ndipo pomwepo panali pa eni. A Howard anachotsa mwala, analowa, Che Faiz pambali pawo. Anamasula buleki. Galimoto inayamba yakana, matayala atamatirira m'dothi, kenako inasuntha, udzu ukuthothoka pansi. Anadikira. Anasiya klatchi: inatsokomola, n'kukhala chete. Anapondanso, chulu chikutha, mtengo wa mango ukubwera. Anasiyanso. Inagwedezeka thupi lonse ngati ng'ombe yodzuka, utsi wakuda kumbuyo, n'kulira.

Amayi ena analulutira. A Howard sanacheuke. Pagalasi anangoona Felista ataima yekha pamene panali galimoto, pamalo pouma pakati pa udzu. Njira inkadutsa m'mbali mwa manda. Pamenepo anachepetsa liwiro, dzanja linapita pahutala, koma sanaimbe.

"Mayo ine, tamverani injiniyo!" Che Faiz ankasisita dashibodi. "Ngati ya bambo anga ndendende. Ndidzaipenta, madala. Mipando ndidzapita nayo ku Limbe. Simudzaizindikira."

"Ndi chimenecho ndikuopa."

Anafika pa Chiringa. Che Faiz analoza golosale yake. A Howard anaidutsa.

"Madala, paja ndi apo."

"Sunaimve bwino. Injini imamveka ikatentha."

Anadutsa msika, anadutsa chigayo, nyumba zinayamba kutalikirana. Che Faiz anatembenuka, kuyang'ana sutikesi, khasu ndi beseni la nandolo.

"Kodi mwaba rota, kapena mwaba ine?"

"Zonse ndibweza. Ndikafike kaye."

"Kuti?"

"Kwa Chiwalo. Kunyanja."

"Subuhana! Ndasiya mkazi yekha pasikelo! Njinga iyo, madala, njinga!"

A Howard anakhotetsa mochedwa. Wanjingayo anagwera m'udzu ndi mtolo wake wa chinangwa, akutukwana. Kuyambira pamenepo Che Faiz anasanduka maso awo: dzenje kumanja, mbuzi, mwana, mlatho wopapatiza. A Howard ankamvera osathokoza. Msana unkawawa, manja anachita dzanzi pachiwongolero. Kale ulendo ngati umenewu ankauyenda akuimba.

"Koma rota yanu inatha bwanji?" anafunsa Che Faiz. "Sizimatha wamba zimenezi."

"Siinathe. Ili ndi amene ankaisunga."

Che Faiz anabweza maso kumsewu. Anayenda mtunda wautali, iye akungowatchulira maenje.

Michesi inatsalira kumbuyo. Dziko linayamba kuyala, minda ya chimanga inasanduka madambo a mpunga, mphepo inabwera ndi fungo la matemba. A Howard anali ataiwala kuti kwawo n'kotere. Anachokako ali mnyamata, ankangobwera pamaliro, ndipo pamaliro munthu sayang'ana malo oimika galimoto, poti okankha amakhala ambiri. Tsopano maso awo ankasaka kumanzere ndi kumanja. Panalibe chulu, panalibe chitunda, ngakhale kamtsetse. Analowa m'mudzi wa mlongo wawo Rozaria, anazungulira nyumba, anazungulira nkhokwe, anakafika kuchitsime n'kubwerera. Ponseponse panali ngati pamphasa. Injini inayamba kudukiza, petulo akutha. Anaima pansi pa mgwalangwa n'kuzimitsa.

A Rozaria anatuluka atagwira ndodo, akuphimba maso ndi dzanja.

"Ndani? Howard? Akumasula? Nanga chimenechi wabwera nachonso?"

"Ndabwera nacho."

"Ndimayesa chinafa kale." Anabwerera m'nyumba kukafuna mphasa.

Che Faiz anatuluka n'kudziwongola. Anaponda pansi ndi chidendene, n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Madala, tiyeni tikambe ngati akulu. Pano simudzailizanso nokha. Dzinja likabwera madzi afika m'zitseko, chinyezi cha kunyanja chidya pansi ponse. Chaka chamawa muikira nkhuku ngati mwanga muja. Kwa ine ikagona m'shedi. Lamlungu lililonse mukafuna, mudzabwere mudzaiyendetse."

A Howard anadziwa kuti zonsezo n'zoona, ndipo n'chifukwa chake zinawapweteka. Anaganiza zodzaima pakhomo pa golosale, chipewa m'manja, kupempha kiyi wa galimoto yawo yomwe. Pamudzi anawachotsa, nyumba yatsala, mkazi ali kumanda a eni. Chimene anabwera nacho chokha ndi chimene anabwerera nacho.

"Sindigulitsa."

"Ndinadziwa tili pa Chiringa."

A Howard anatsegula boneti, anachotsa rota, ikadali yotentha, n'kumupatsa. Che Faiz anaika manja kumbuyo.

"Ikhale. Kwanga ikangogona m'nkhuku. Mukatopa mutume uthenga."

"Ukuika chizindikiro, eti? Kuti ndikafa udzati muli chako."

"Ee, madala, ndi momwemo," anatero Che Faiz motopa. "Inu mukhale ndi moyo, mundikhaulitse." Anakweza mkanjo n'kulunjika kumsewu kukafuna kabaza.

A Howard anatsala ataima, rota ili m'manja. Dzanja linapita lokha kumbali, monga linkachitira Lamlungu lililonse, n'kukhala m'malere. Pakhonde panali adzukulu a Rozaria, amuna akuluakulu amene sankawadziwa ndi mayina omwe, akuyang'ana galimotoyo ndi maso omwe aja a ana a Nickson. Anayang'ana thumba la malaya awo. Anayang'ana chitseko chimene mlongo wawo analowera.

Anawerama n'kuibwezera rotayo m'malo mwake kuti igone momwemo, koyamba chigulire galimotoyo. Woba akaifuna ayambe waikankha. Anatseka boneti, anayendayenda pabwalo mpaka anapeza chibanthu cha njerwa, n'kuchiika patayala, ngakhale panalibe koti ingatsetserekere. Kenako anatsitsa sutikesi.