Mawaya Asanu a Pakhoma

Azakhali anali atakulunga kale makapu anayi m'manyuzipepala akale pamene amayi ake a Chete anawalanda yachisanu m'manja.

"Iyi ndimweramo mawa," anatero amayi.

"Mawa mukamwera kwathu, amake Chete. Makapu kwathu aliko."

"Nanga angawa mukukulungiranji?"

Azakhali anangotola mbale n'kuyamba kuikulunga.

Chete anaima pakhomo la khitchini atavala majuzi awiri ndi jekete la malemu bambo ake, limene linkamufika m'mawondo. Dzinali anamupatsa ndi bambo akewo, chifukwa kuyambira ali wamng'ono mawu ake ankathera pakhosi. Tsopano anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo kusukulu aphunzitsi ena ankamulemba kuti wajomba iye ali pomwepo.

Panali patatha masiku asanu ndi anayi chimwalirireni bambo ake. Mtima unangoima ali kuntchito, pulayala ili m'manja. Anali mmisiri wa zamagetsi. Zaka makumi awiri ankaika makina otenthetsa m'nyumba za eni, yawoyawo ikudalira chitofu chakale cha mafuta chimene chinkatsokomola utsi. Chaka chino ndiye anachizula chitofucho, n'kulonjeza kuti kuzizira kusanafike nyumba ikhala ngati kunsi kwa phiko la nkhuku. Anaika injini panja kuseri kwa khitchini, makina ena m'siling'i, ndi mapaipi a mpweya opita m'zipinda. Chinatsala n'chimodzi: kabokosi kolamulira kutentha, ka pakhoma la pabalaza. Pamalo pake panali bowo, ndipo m'bowomo munatuluka mawaya asanu ngati ndevu za mphaka.

Kuzizira ndiye sikunamve zoti pakhomo pali maliro. Amayi anayamba kutsokomola, ndipo azakhali anagamula kuti iwo, mlongo wake wa malemu, sangasiye mkazi ndi mwana wa mchimwene wawo akuuma m'nyumba yonga firiji. Lole anali atapangana nayo kuti ifike mawa m'mawa. Kwa azakhali kunali ulendo wa tsiku lathunthu. Kunali sukulu ina, nkhope zina, ndi chipinda chogonamo asuweni atatu okonda wailesi. Amayi anapempha chinthu chimodzi chokha: a Makwerero, mnzawo wa malemu pantchito, ayese kaye. Nyumba ikafunda lero, lole isabwere.

Pabalaza a Makwerero anali atawerama pabowo lija. Anali aatali moti mababu ankasintha ataima pansi, ndipo dzina lawo linachokera pomwepo. Malume ake a Chete, mlongo wawo wa amayi, anali atakhala pampando wa pamakina osokera, manja m'khwapa, akuyang'anira ntchito imene sanaidziwe.

"Mundifotokozerenso, amisiri. Mukuti chimakina ichi chimatenga kutentha panja n'kulowetsa m'nyumba?"

"Eya."

"Panja pomwe ndachokapa? Pamene mphuno yanga yatsala pang'ono kuthothoka?"

"Kutentha kulipo ndithu, kungoti n'kochepa. Chimatolera pang'onopang'ono. Firiji yanu ija imachotsa kutentha m'kati n'kutayira kumbuyo. Iyi ndi firiji yoyang'ana kwina. Imaziziritsa panja, kutenthetsa m'nyumba."

"Ndiye kuti mlamu wanga anagula firiji yoziziritsira dziko lonse," anatero malume. Analoza ndi phazi kansefa ka chitsulo kamene kanali m'munsi mwa khoma, pansi pa thebulo losokerapo. "Onaninso pamene anaika potulukira mpweya. Pabalaza ponsepa, iye n'kusankha pakona. Masabata awiri akuswa khoma kuti afunditse miyendo ya thebulo."

"Ine ndikanaika pansi pa windo," anavomereza a Makwerero. Kenaka anaseka. "Tabwerani muone nthabwala za mnzanga."

Waya aliyense anali ndi katepi koyera, ndipo pakatepipo panali dzina lolembedwa ndi bolopeni. Wofiira anali BWANA. Wachikasu anali INE. Wa olenji anali MLAMU, wobiriwira MLONGO, wabuluu CHETE.

"Ine ndalembedwa kawiri," anatero malume. "Mlamu, komanso Bwana."

"Pantchito yathu dzina la waya ndi mtundu wake," anatero a Makwerero akupotokola sikuluwu. "Wofiira amabweretsa moto. Wachikasu amadzutsa injini ya panja. Wobiriwira ndi wa fani. Wa olenji ndi wa vavu, kachitsulo kamene kamasankha ngati makina atenthetse kapena aziziritse. Ungapite kulikonse, ndi momwemo."

Chete anatsegula pakamwa, koma mawu anaima pamalo pawo pa masiku onse.

A Makwerero anamangirira mawaya onse, kukhomera kabokosi pakhoma, n'kupita kukayatsa swichi yaikulu. Kagalasi ka pakabokosi kanawala. Amayi ndi azakhali anatuluka kukhitchini, azakhali mbale ikadali m'manja. A Makwerero anadina batani la kutentha. Panja injini inayamba kung'ung'udza, ndipo malume anagwada n'kutambasula manja pakansefa paja ngati munthu wowotha moto.

Anakhala choncho kanthawi. Kenaka anabweza manja n'kuwabisa m'khwapa.

"Amisiri, panja mwati imaziziritsa. Panopa ndi panja?"

Mpweya unali wozizira ngati wa m'chipinda chosungira nyama. A Makwerero anazimitsa, kuyang'ana masikuluwu, kuyatsanso. Chimodzimodzi. Anakanda m'mutu.

"Vavu yakakamira. Zimachitika, ngakhale zatsopano. Kuitanitsa ina ndi masabata atatu."

"Simungaone kusiling'i kumene mawayawa akuchokera?" anafunsa amayi.

"Pakabowo kolowera kusiling'iko ine sindingakwane, mayi. Komanso kumene anamanga mnzangayo sindikaikako. Zaka makumi awiri sindinamupezepo ndi waya wolakwika ngakhale mmodzi."

"Basi," anatero azakhali, mofatsa ndithu, poti anali atapambana. "Chete, katenge makatoni."

Chete sanasunthe. Chinsinsi chimene anali nacho chinali chakale kuposa mano ake a kutsogolo. Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, bambo ake anamuitanira kuseri kwa nyumba, kumuonetsa mawaya awiri, n'kumunong'oneza kuti, "Wofiira ndi uti apa?" Bambo ake sankasiyanitsa mitundu. Wachikasu ndi wabuluu ankawaona, koma wofiira, wobiriwira ndi wa olenji kwa iwo anali ana a mimba imodzi. Kuntchito ankayeza waya aliyense ndi mita, kawiri, ndipo anthu ankati ndi munthu wosamala. Kunyumba mita yawo inali Chete. "Ukangoulula," ankatero, "abambo ako adzakhala mlonda wa pageti." Iye sanaululepo. Kusunga mawu inali ntchito imodzi imene ankaitha kuposa aliyense.

Loweruka lomaliza asanamwalire, bambo ake anamuitana ali m'siling'i kuti akawauze mitundu ya mawaya, iye n'kuyankha kuti akuwerengera mayeso. Kunena zoona sankawerenga. Ankapenta zikhadabo, ndipo sanafune kuti fumbi liziwononge. "Werenga, mayi," anatero bambo ake kumwambako. "Ndingowapatsa mayina." Anawamva akuseka okha. Madzulo ake akusamba m'manja pasinki anamunong'oneza tanthauzo la mayinawo, n'kumulumbiritsa kuti eni ake asamve.

A Makwerero anali atayamba kulongedza zida. Chete anapita n'kukaima kutsogolo kwa kabokosi kaja.

"Vavu siinafe," anatero.

Azakhali anali akung'amba tepi yomatira makatoni, ndiye palibe anamva. Chete anagwira m'mphepete mwa jekete la bambo ake.

"Vavu siinafe. Abambo sankaona mitundu."

Tepi inasiya kulira. A Makwerero anatembenuka ndi nkhope ya munthu amene mnzake watukwanidwa.

"Mwana iwe, ukunena za mmisiri uti?"

"Ankandifunsa ine. Tsiku limenelo sindinapite." Nkhope yake inali itatentha, chinthu chokhacho chotentha m'nyumba monse. "Anati ndisanene."

Amayi anayamba ndi kutsokomola, koma chifuwacho chinasanduka chiseko.

"Ndiye wakhala ukusenza zimenezi wekha zaka zonsezi? Ukuyesa ine sindinkadziwa? Munthu anandigulira diresi yobiriwira ngati chule n'kumati, 'Zofiira zimakukhala.' Ndinaivala zaka zitatu osamuuza."

Azakhali anaika mbale pansi pang'onopang'ono. "Matimati," anatero. "Tili ana ankathyola matimati aawisi m'dimba, amayi n'kumamukwapula kuti ndi mwano. Ine ndimati amachitira dala kuti asamatumidwe."

"Mita ija," anatero a Makwerero, akuyang'ana kudenga. "Ine kumuseka kuti amayeza waya ngati akugula golide." Anatulutsanso sikuludiraiva, kupita kukazimitsa swichi yaikulu, n'kuchotsa chivundikiro cha kabokosi. "Chabwino. Tiiwale mitundu. Mlamu ndi wa chiyani?"

Chete anayang'ana pansi. "Fani."

"Chifukwa?" anafunsa malume.

"Anati musamve."

"Nena, mphwanga. Munthu anapita, sindingamutsutse."

"Anati ndi mphepo yokhayokha."

Azakhali anaseka mpaka kugwira khoma. Malume anaimirira, kukonza kolala, n'kukhalanso pansi. "Popanda fani kutenthako sikungafike kwa anthu," anatero. "Amisiri, ndikunama?"

"Simukunama. Nanga Mlongo?"

Chete analakalaka siling'i itamugwera. "Vavu."

Azakhali anasiya kuseka. "Pitiriza."

"Anati m'mawa kutentha, masana kuzizira, ndipo sudziwa watembenuka nthawi yanji."

Tsopano anali malume ogubuduka pampando. Azakhali anaima chilili, milomo itatupa, kenaka mapewa awo anayamba kugwedezeka. "Galu ameneyu," anatero, akupukuta m'maso ndi nyuzipepala ya makapu. "Kunditukwana ali m'khoma."

Za Bwana palibe anafunsa. Onse anangoyang'ana amayi, amayi n'kukonza mpango wawo. Ine analinso wosavuta: uja wogwira ntchito panja pozizira kuti ena afunde.

"Nanga wako?" anafunsa amayi.

"Sanandiuze. Anati ndidzafunse amisiri."

A Makwerero anagwira waya wabuluu uja ndi nsonga za zala zawo zazitali. "Uyu sayatsa kanthu, salamula kanthu. Ndi njira imene moto umabwererera. Amisiri ambiri amamuiwala m'khoma chifukwa samveka. Koma ukamuchotsa, kabokosi konseka kamazima." Anamupatsa Chete sikuludiraiva. "Moto ndazimitsa. Asinthanitse wekha abale akowa."

Chete akumasula mawaya, kasikuluwu kamodzi kanagwa pansi malume n'kukatola. Chete anachotsa Mlongo pamalo a fani n'kuikapo Mlamu. Anaika Mlongo pa vavu. Zikhadabo zake zinali zikadali ndi timadontho ta penti ya Loweruka lija.

Swichi yaikulu itayatsidwa, kagalasi kanawala, koma panja panali zii.

"Yafa ndithu," anatero azakhali.

"Ikupuma. Ukaizimitsa imadikira mphindi zisanu isanadzukenso," anatero a Makwerero.

Mphindi zisanuzo zinatalika ngati ulaliki wa mlendo. Malume anayamba kufotokoza za firiji imene anakonzapo okha ndi supuni, ndipo kwa nthawi yoyamba onse anawamvetsera, poti panalibe china chochita. Nkhani isanafike pa supuni, injini inang'ung'udza. Malume anagwadanso pakansefa paja.

"Kozizira," anatero. "Kozizirirako. Dikirani." Anatseka maso. "Amisiri, dziko layamba kuzizira panja."

Azakhali sanakhulupirire za mphepo yokhayokha. Anawakankha malume n'kuikapo dzanja lawo, kenaka tsaya. Anadzuka, kutenga foni, n'kupita kukhitchini. Chete anawamva akuuza wa lole kuti asavutike. Atabwerako anali akumasula makapu m'manyuzipepala.

"Ndikhala sabata ina," anatero. "Ndione ngati vavuyo siitembenukanso."

"Timayembekezera zomwezo," anatero malume.

A Makwerero anafuna kuchotsa timatepi tija asanatseke kabokosi, koma anayang'ana Chete n'kutisiya. Chete anavula juzi imodzi. Panja dzuwa la masana linali loyera, lopanda mphamvu, ndipo magalasi a mawindo anayamba kuchita thukuta.

"Achimwene, mpando wanga," anatero amayi.

Malume anasuntha. Amayi anakhala pamakina awo osokera, pamene ankakhala tsiku lililonse kuyambira m'mawa mpaka mapazi atachita dzanzi ndi kuzizira kwa simenti. Anakoka nsalu imene anaisiya theka masiku asanu ndi anayi apitawo, n'kuika phazi pachopondera. Sanaponde. Anawerama n'kusuzumira pansi pa thebulo, pakansefa kaja ka pakona.

"Miyendo ya thebulo, eti," anatero chapansipansi.

Anavula masilipasi. Anali atavala masokosi a amuna awo, amene anawapeza m'dirowa atapindidwa pamodzi ndi mwini wake, imodzi yofiira, ina yobiriwira. Anawavula, kuwapindanso pamodzi momwe anawapezera, n'kuwaika pamwendo. Kenaka anatambasula mapazi awo osavala kumpweya wofundawo.