Chikwama cha Fredrick

Bonaventure Mumba anafika kwawo ku Nyimba pakati pa Okutobala, dzuwa likuwamba, atanyamula zikwama ziwili. Chimodzi chinali chake. Chinacho, chakuda, chomangidwa ndi chingwe pamene zipi inaduka, anachikankhila kunsi kwa bedi. Mkazi wake Keziah, mphunzitsi wa kupulaimale, anachiona koma sanafunse. Anali kudziwa kuti ndi cha Fredrick.

Amuna awiliwa anayamba limodzi umakanika wa mathilaki opita ku Beira. Kumeneko Bonaventure anapeza mwayi wolowa m'sitima zapamadzi zonyamula katundu, kukagwila ntchito kuchipinda cha injini, ndipo patapita zaka zitatu anaitana mnzakeyo, amene kwawo kunali ku midzi ya ku Minga. Ulendo wawo womaliza sitima inanyamula tiligu kupita ku dziko lina kumene kunali nkhondo. Fredrick sanabweleko. Akampani anali atatumiza kale uthenga, ndipo malilo analilidwa popanda mtembo. Chotsala chinali kupeleka chikwama kwa Hellen, mkazi wa malemu, ndi kumufotokozela maso ndi maso.

Masiku asanu ndi anayi anapita chikwama chili pomwepo. Bonaventure sanathe kukhala pansi. Ankadzuka n'kupita kumsewu waukulu, kuimilila pafupi ndi amai ogulitsa nthochi, kuyang'ana mathilaki akudutsa, kenaka n'kubwelela kunyumba osagula chilichonse. Anazula chitseko cha khichini chimene chinalibe vuto, nachibwezela. Anamasula njinga ya mwana wawo Tasila mpaka kutsala mafupa okhaokha. Njinga yamoto ikamveka chapatali, ankasiya zimene anali kuchita, maso kumwamba.

Loweluka m'mawa atabwela kosamba anapeza chikwama chija chili pakhomo, Keziah ataimilila pambali pake.

"Atate a Tasila, mailo munati mupita mailo," anatelo Keziah. "Lelo ndi tsiku limenelo."

"Kwatentha kwambili. Ndipita Lolemba."

"Lolemba kudzatenthanso. Mai uja anamva kuti munafika. Anthu a ku Minga amakuonani pamsewu tsiku ndi tsiku. Mukufuna aziganiza chiyani?"

"Ndikanena chiyani kwa iye? Ndine ndinamutenga Fredrick pano."

"Mukanene zimene munaona. Ine simunandiuze, ndipo sindikukukakamizani. Koma iye ndi mwini wake wa nkhaniyo."

Anakwela minibasi yopita ku Petauke. Kondakitala anafuna kuika chikwama kumbuyo pamodzi ndi matumba a feteleza, koma Bonaventure anakana, nachiika pamiyendo. Njila yonse mwendo wake unali kugwedezeka, mpaka bambo wina amene anakhala naye anamufunsa ngati ali ndi malungo. Atatsika pamphambano ya ku Minga, a njinga zamoto anamuzungulila. Anawakana onse, nakwela njinga yopalasa.

Anamupeza Hellen pansi pa mtengo wa mango akusenda nshawa za mbewu. Mkaziyo atamuona sanaimilile. Anangopukuta manja pachitenje, nakankha kampando ndi phazi.

"Mwabwela, alamu."

"Ndabwela, alamu. Pepani ndachedwa."

Anapatsana moni, nafunsana za ana ndi za mvula imene inali isanaonetse chizindikilo. Bonaventure anaika chikwama pakati pawo. Hellen anachiyang'ana nthawi yaitali, osachikhudza.

"Akampani anandiuza kuti inali ngozi ya pantchito," anatelo. "Mawu awili chabe. Ine ndifuna kumva zonse. Musandisankhile."

Bonaventure anakhala pakampando, naimilila, nakhalanso.

"Tinali sitima zisanu ndi imodzi," anayamba. "Zonse za chakudya ndi mankhwala. Tinadikila masiku khumi ndi limodzi kunja kwa nyanja ya nkhondoyo kuti atilole kulowa. Madzi anachepa, tinasiya kusamba. Mafoni anatilanda kuti adani asadziwe pamene tili, n'chifukwa chake Fredrick sanakuimbileni masiku amenewo. Kenaka kunabwela sitima ya asilikali kudzatitsogolela. M'madzimo anatchelamo mabomba oyandama, ndiye asilikali anali atalambula kanjila kamodzi kokha. Timayenda mondondozana, ina pambuyo pa inzake. Lamulo linali lakuti sitima ikaombeledwa, zinazo siziima. Ukaima, madzi amakukankhila kunja kwa kanjilako."

"Inu munali kuti?"

"Ife a injini timakhala pansi penipeni, kunsi kwa madzi. Kulibe zenela. Kutentha kwake kuposa kuno, ndipo phokoso lake munthu sumva mnzako, timalankhulana ndi manja. Zochitika kunja timazimva m'zitsulo, kudzela kumapazi. Tinkagona ndi nsapato, zovala zoyandamitsa zili m'khosi. Fredrick ankati tikuoneka ngati ng'ombe za pangolo."

Hellen anatsitsa maso, natola nshawa imodzi, naigwila osaisenda.

"Tsiku lachiwili, cha m'ma teni koloko m'mawa, ndinakwela pamwamba kukapuma mphepo. Ndinamva ngati njinga yamoto ikubwela. Kanali kamodzi mwa tindege tija topanda munthu, tonyamula bomba. Kanagwela pa sitima imene inali kutsogolo kwathu. Tinaidutsa ikuyaka, pafupi ngati apa ndi tchalitchi chija. Anthu anali m'madzi, akukweza manja. Akaputeni analamula kuti tiwaponyele zoyandamila zonse zimene tikanatha, ndipo tinaponya, koma sitinaime. Wina anatisambila kutilondola mpaka anatopa. Ndinamva pambuyo pake kuti asilikali anatola ena. Sindidziwa ngati ameneyo anali m'gulu la otoledwa."

Anapukuta thukuta ndi chipewa.

"Ola limodzi lisanathe anatimenya ifenso, chakumbuyo. Ndinali nditatsika kale. Magetsi anathima n'kuyakanso, utsi unadzaza, ndipo paipi yaikulu ya madzi ozizilitsa injini inang'ambika. Injini ikasowa madziwo imazima yokha. Akulu a injini anatulutsa anthu onse, nati akufuna awili otsala nawo. Fredrick anali atatola kale sipanala. Ine ndinatsala chifukwa iye anatsala, ndisakunamizeni."

"Pitilizani."

"Pong'ambikapo panali kunsi kwa zitsulo zopondapo, malo opanikiza. Ine ndi thupi langali sindikanalowa. Iye analowa chagada, ine ndikumupatsila labala ndi zomangila, monga tinkachitila ndi mapaipi a mathilaki panjila ya ku Tete. Koma madzi ake anali owila, alamu. Anali kumuthila pachifuwa ndi m'manja. Ndinamukoka mwendo kawili kuti atuluke, anandiponda. Kachitatu akulu a injini anandithandiza kukoka, koma anali atakola phazi pachitsulo dala. Anatuluka atamanga bawuti yomaliza. Injini sinazime. Tinali anthu makumi awili ndi mmodzi m'sitimamo."

Hellen sanalile. Anafunsa ngati mwamuna wake anafela pomwepo.

"Anakhala masiku awili. M'sitima mulibe dokotala. Wachiwili kwa akaputeni ndiye anali ndi bokosi la mankhwala, akumva malangizo pa wailesi. Mankhwala oletsa ululu anatha tsiku loyamba. Tinkasinthana kumunyowetsa milomo ndi kumukupiza. Wophika wathu, munthu wa dziko lina amene sitinkamvana naye chilankhulo, anamugwila phazi tsiku lonse chifukwa ndi pokhapo pamene sipanapse. Anakutchulani inu, anatchula ana, ndipo anafunsa kangapo ngati paipi ikugwilabe. Anamwalila doko likuoneka."

Anatulutsa foni namuonetsa chithunzi cha manda: mulu wa dothi lofiila, mtanda wa matabwa, dzina lolembedwa ndi penti ya m'sitima. Anafotokoza kuti bwalo la ndege kumeneko linali lotseka, kuti anapeza wansembe, ndi kuti anthu otsitsa katundu padoko anasiya ntchito nabwela kudzanyamula bokosi. Hellen anaigwila foniyo ndi manja awili, nakulitsa chithunzicho ndi zala mpaka dzina linadzaza galasi lonse.

"Fredrick anandiuza kuti mukupita ku India ndi simenti," anatelo osakweza mutu.

Kenaka anamubwezela foniyo, nafunsa:

"Ndiuzeni ichi, alamu. Anakukakamizani kupita kunkhondoko, kapena munthu akanatha kukana?"

Funso limeneli ndi limene linamusunga ku Nyimba masiku onse aja. M'minibasi anali ataganiza zonena kuti anawakakamiza, kuti mkaziyo akhale ndi wina womukwiyila amene si mwamuna wake. Koma atamuyang'ana analephela.

"Tikanatha kukana. Akaputeni anatisonkhanitsa tisananyamuke, nati amene safuna atsike, palibe mlandu. Anatsika anayi. Ine ndinali nditalongedza kale. Fredrick anandipeza, nati, 'Bona, ukukumbuka chaka cha njala tili ana, mathilaki a chimanga atafika ku mishoni? Amai anga anagona pamzele masiku awili. Sitinafunsepo kuti anayendetsa mathilakiwo ndani.' Ndinamuuza kuti ali ndi ana atatu. Anati kumene tikupitako kulinso ana. Ndinamasula chikwama changa."

Apa mpamene Hellen anaimilila. Lichelo linagwa, nshawa n'kumwazika. Anayenda mpaka kunkhokwe, naima chofulatila, mapewa akugwedezeka. Bonaventure anagwada nayamba kutola nshawazo imodziimodzi, chifukwa manja ake anafuna chochita.

Atabwelela, maso ali ofiila, Hellen anati, "Miyezi itatu yonseyi ndakhala ndikukwiyila inu. Manje mwandilanda ngakhale zimenezo. Ndikwiyile ndani? Munthu amene ali m'dothi la eni?"

"Mukhoza kupitiliza kukwiyila ine. Ndine ndinamuonetsa nyanja."

"Musandiphunzitse." Anakhala pansi, nakokela chikwama chija kwa iye, koma sanachimasule. "Apongozi anga ali kudimba. Samva bwino, muyenela kukweza mawu. Mupite mukawauze zonse monga mwandiuzila ine, ndi za phazi lija analikola pachitsulo. Za simenti musanene. Ana ndidzawauza ndekha akakula, koma mwina adzafuna kumva kwa inu."

Bonaventure anapita kudimba, nafotokozanso nkhani yonse mofuula kwa mkulu wogontha pakati pa mabedi a lepu, anthu a madimba oyandikana ataimika makasu. Mkuluyo anamvetsela mpaka kumapeto, nafunsa chinthu chimodzi: ngati tiligu uja anafika kwa eni ake. Bonaventure anati anafika, anamuona akutsitsidwa ndi maso ake.

Pobwelela sanapeze njinga, ndipo sanafune kudikila. Anayenda wapansi mpaka kumsewu waukulu. Ali m'njila foni inalila. Unali uthenga wa akulu a injini aja: sitima yakonzedwa, inyamuka mwezi wamawa ndi ulendo wina wonga womwe uja, ndipo akufuna anthu odziwa injiniyo. Anauwelenga kawili akuyenda.

Madzulo anauonetsa Keziah. Mkaziyo anaubweza nati, "Simupita." Iye anavomela, nayankha akulu a injiniwo kuti sabwela.

Anapeza ntchito pagalaja ina pafupi ndi msika wa Nyimba. Anali makanika wabwino, koma mwini galaja ankadandaula kuti thilaki ikazima injini mwadzidzidzi, a Mumba amathamangila ngati kwabuka moto. Mvula itagwa anapita kawili ku Minga kukathandiza Hellen kubzala. Ankalima mizele yake mofulumila, osalankhula ndi munthu, n'kubwelela tsiku lomwelo. Tsiku lililonse pa nthawi yopuma ankafufuza pafoni pamene sitima ija yafika. Inalowa m'nyanja ya nkhondo mu Disembala, nitulukamo bwino, iye ali pansi pa thilaki ya makala.

Mu Epulo, chimanga chitayamba kuuma, uthenga unabwelanso. Anakhala nawo masiku atatu, akuzungulila nyumba, mpaka Keziah anamuitana kuti akhale pansi.

"Thupi lanu lili pano, koma inu simunabwele," anatelo. "Ngati mupita, mundiuze zoona kumene mukupita. Musandiuze za simenti."

Anamuuza dzina la doko, katundu wake, ndi masiku amene foni idzakhala yotseka. Keziah anazilemba kuseli kwa buku lake lokonzela maphunzilo. Lachinayi m'mawa anamupelekeza kokwelela basi ya ku Lusaka, ndipo basi isananyamuke anathamangila kusukulu, chifukwa belu linali litalila kale.