Kachikwama ka Masiku Awiri

Ntchito yanga inali yoona za chitetezo cha anthu pa makina m'mafakitale a kampani yathu. Munthu akavulala kwina, amatumiza ine kuti ndikaone ndi kulemba lipoti. Maulendo ake ankakhala a tsiku limodzi kapena awiri, ndipo zaka zisanu ndi ziwiri za kuyendayenda zinandiphunzitsa kusasenza nyumba yonse.

Lachitatu limenelo ndinayala zinthu pabedi m'mawa: bulauzi imodzi yosinthira, zamkati, mswachi, kasopo, tchaja ya foni ndi kope. Jombo ndi thalauza ndinavaliratu, poti cholemera chimapepuka chikakhala pathupi. Zonse zinalowa m'kachikwama kakumsana, malo n'kutsala.

Amuna anga anaima pakhomo la kuchipinda ndi kapu ya tiyi.

"Anzanu akamapita kutali amakoka sutikesi," anatero. "Inu mumachoka ngati mukukagula mchere pa golosale."

"Ndi masiku awiri okha. Mawa madzulo ndili pano."

"Wavulalayo ali bwanji?"

"Sanavulale. Wamwalira. Wasiya mkazi ndi khanda."

Anaika kapu pansi, nthabwala n'kuthera pomwepo.

Dzulo lake, ku fakitale yathu yocheka matabwa, macheka aakulu anakoka munthu wina n'kumudula kuyambira paphewa. Anafera pomwepo. Mabwana a ku likulu anati ulendo uno ndisapite ndekha, ndipite ndi loya wa kampani.

A loya ndinawapeza pa ofesi akulimbana ndi dalaivala kuti sutikesi yawo ya mateyala ilowe kumbuyo kwa galimoto. Anandiyang'ana kumanja, n'kundiyang'ananso kumsana.

"Mayi, katundu wanu ali kuti?"

"Ndi ameneyu."

"Koma inu! Ine ndatenga masuti atatu ndi nsapato ziwiriziwiri. Paulendo munthu sudziwa chimene ukakumane nacho."

Tinayenda maola anayi, iwo ali pa laputopu njira yonse. Nditafunsa chimene ankalemba, anangoti ndi timapepala tothandiza kuti nkhani ithe msanga.

Tinafika dzuwa lili paliwombo. Fakitale yocheka matabwa umaimva usanaione, koma tsiku limenelo kunali zii. Antchito, mwina makumi asanu ndi limodzi, anakhala pa zipika pabwalo. Palibe anatipatsa moni. Manijala wa pamalopo, bambo wamfupi wa makiyi ambiri m'chiuno, anatithamangira pageti n'kunena kuti tiyambe tadya kaye.

"Ndidya ndikaona makina, bwana," ndinatero.

Anandilozera shedi ndi chibwano, iye n'kulowa mu ofesi ndi a loya.

Sizinanditengere mphindi khumi. Chotchinga chachitsulo chimene chimaphimba mano a macheka chinali chotsamira kukhoma, chitachita dzimbiri, akangaude atamangapo. Sichinachotsedwe dzulo kapena mwezi watha. Batani lofiira lozimitsira makina pangozi linalipo, koma waya wake anali woduka, akungolendewera. Pansi anathirapo utuchi watsopano. Nditapalasa ndi jombo, wapansi unali wakuda ndi wonyowa, ntchentche n'kudzuka. Ndinajambula zonse pafoni.

"Mwabwera kudzalemba chiyani, mayi?"

Ndinatembenuka. Anali bambo wamtali wovala ovolosi, maso ali psu. Anati ndi mkulu wake wa malemuyo, ndipo amayendetsa makina onyamulira zipika.

"Ndinamutola ndine," anatero. "Ndinatola kawiri. Mukumva, mayi? Mng'ono wanga ndinamutola kawiri."

"Pepani kwambiri, bambo."

"Chotchingacho tanena mpaka malovu kuuma. Amati chimachedwetsa ntchito."

"Ndilemba zimene ndaona."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mulembe," anatero, n'kutuluka.

Nditabwerera ku ofesi ndinapeza mzere wa anthu asanu pakhomo. A manijala ankawaitana mmodzimmodzi, a loya n'kumawapatsa pepala loti asaine. Ndinatenga limodzi patebulo n'kuwerenga. Linkanena kuti wosainayo anaona malemu akubwera kuntchito ataledzera, ndipo anaona akuchotsa yekha chotchinga m'mawa wa tsiku la ngozi.

"A loya, izi ndi zabodza. Chitsulocho chili ndi dzimbiri la chaka."

"Mayi, inu lembani zanu, ine ndichite zanga."

Amene anali pampando nthawi imeneyo anali bambo wachikulire wonola macheka. Anati maso ake saona tizilembo tating'ono, akamupatse mnzake amuwerengere. A manijala asanamugwire, anali atatuluka nalo pepalalo. Pazenera ndinaona wantchito wina atakwera pa chipika akuwerenga mokweza. Atafika pa mawu oti "ataledzera," bwalo lonse linaimirira ngati munthu mmodzi.

Mwala woyamba unaswa zenera n'kugwetsa wotchi yapakhoma. Wachiwiri unapeza a manijala pakhutu. Anakhoma chitseko n'kukankhirapo kabati, uku akuimbira apolisi. Panja anthu anayi ananyamula chipika n'kuyamba kugumula. Kachitatu chitseko chinang'ambika pakati.

A loya anatulukira pazenera lakumbuyo. Akanathamangira kumpanda akanapulumuka, monga anachitira dalaivala. Koma anakhotera ku galimoto, kukatenga sutikesi. Ndinawaona akuikoka pa miyala, mateyala akukana, iwo osaisiya. Anawapeza asanafike pageti. Thabwa loyamba linawamenya kumsana, lachiwiri pakamwa. Atagwa anawazungulira, ndipo sindinawaonenso, ndinkangoona matabwa akukwera ndi kutsika. Sutikesi inaphulika, masuti n'kumwazika m'fumbi. Ena anagubuduza galimoto n'kuitembenuza chagada, mafuta akuchucha, wina n'kuponyapo machesi.

Mu ofesi munadzaza anthu ndi fungo la thukuta. Wina anandimenya ndi chidutswa cha thabwa pamwamba pa diso. Sindinamve kuwawa, ndinangomva kutentha, kenako magazi anatseka diso lamanzere.

"Asiyeni mayiwo!" Anali bambo wonola macheka uja. "Si iwo alemba pepala!"

Anthuwo sankafuna ine. A manijala anawasolola pansi pa tebulo ndi miyendo. Anagwira mwendo wa tebulo, wina n'kuwaponda zala ndi jombo mpaka anasiya. Anawakokera pabwalo, mutu ukugunda pa masitepe, makiyi akulira m'chiuno. Ankakuwa kuti ali ndi ana, kuti lamulo linachokera ku likulu, kuti awakhululukire. Mkulu wa malemu uja sanamenye nawo. Anangodikira kuti awafikitse pamapazi ake, kenako anawagwira pakolala n'kuyamba kuwakokera ku shedi.

Ndinadziwa chimene ankafuna ndisanamve makina akulira.

Ndinathamanga, ndikupukuta diso ndi mkono. M'shedi anthu anali atapanga bwalo. Macheka ankazungulira, phokoso lake lolowa m'mano. Mkulu wa malemu anali atapanikiza a manijala pa tebulo la makina ndi bondo, dzanja lawo lamanja atalitambasula.

"Ukuti analedzera?" ankafuula. "Nawenso waledzera lero! Tiye, gwira ntchito!"

"Bambo, ndajambula zonse!" ndinakuwa. "Umboni ulipo! Musaononge mlandu wa mng'ono wanu!"

Sanandimve, kapena anandimva koma zinalibenso ntchito. Ndinadzipanikiza pakati pa anthu mpaka ndinafika pa batani lofiira n'kulimenya ndi chibakera. Ndinalimenya katatu ndisanakumbukire kuti ndine ndemwe ndinajambula waya wake woduka.

Switchi yaikulu ya magetsi inali kukhoma lakutsogolo. Ndikuthamangira kumeneko, wina anagwira kachikwama kanga kumbuyo n'kundikoka. Ndinatsitsa mapewa, malamba n'kuvuka, iye n'kutsala nako m'manja. Ndinafika pakhoma, ndinagwira chogwirira ndi manja onse awiri n'kudzilendewetsa.

Macheka sasiya kuzungulira nthawi yomweyo. Amayamba atsika mawu pang'onopang'ono. Mkati mwa kutsikako ndinamva kulira kumene sindinamvepo kwa munthu wamkulu.

Nditatembenuka, bwalo la anthu linali litafutukuka. A manijala anali pansi, atakumbatira mkono pachifuwa. Dzanja linali litaduka pamfundo, lili pa tebulo la makina, mphete ikadali pachala. Magazi ankathovoka motsatira kugunda kwa mtima. Anthu omwe ankakuwa aja anangoti kakasi. Ena anayamba kutuluka chammbuyo.

"Chikwama changa!" ndinakuwa. "Ndani watenga chikwama changa?"

Amene anachigwira uja anachibweretsa yekha, osandiyang'ana kumaso. Ndinakhuthulira zonse pa utuchi. Bulauzi ndinaipinda n'kuitsindika pabala. Chingwe cha tchaja ndinachizunguliza pamwamba pa chigongono, ndinalowetsapo mswachi n'kupotokola mpaka magazi analeka kuthovoka. A manijala anali atasanduka otuwa, akuitana amayi awo.

"Gwirani apa, bambo," ndinauza wonola macheka. "Musasiye, ngakhale alire bwanji."

Mkulu wa malemu anakhala pansi, msana kukhoma, miyendo atatambasula. Ankayang'ana manja ake. Palibe anamugwira, iyenso sanathawe.

Galimoto yathu inali ikuyaka, choncho tinagwiritsa ntchito lole yonyamula matabwa. Amene anathandiza kunyamula a manijala anali ena mwa omwe anawakoka miyendo mu ofesi. A loya tinawatola pafupi ndi geti, akupuma movutikira, nsagwada itapotoka, nsapato imodzi palibe. Tinawagoneka onse awiri pa matabwa. Tikutuluka pageti tinakumana ndi galimoto ziwiri za apolisi. Sanafunse kanthu. Anayamba ndi utsi wokhetsa misozi, kenako zibonga, kumenya aliyense wovala ovolosi, ngakhale amene anakhala pa zipika osaponya mwala ndi umodzi womwe. Ndinaziona zikuchepa kumbuyo kwathu, ndili chogwada pa lole, mutu wa a loya uli pamiyendo yanga.

Kuchipatala anandisoka kasanu pamwamba pa diso. Adokotala anati a manijala akanafika mochedwa ndi mphindi khumi, tikanabweretsa mtembo. A loya anathyoka nthiti zinayi ndi nsagwada, ndipo anatha miyezi iwiri akudyera m'kapaipi. Ine ndinagona masiku atatu pa benchi ya chipatala ndi ku polisi, nditavala bulauzi yomwe ija yowuma ndi magazi a anthu atatu, mpaka namwino wina anandibwereka malaya ake.

Lipoti ndinalilemba nditabwerera. Ndinalembamo za dzimbiri, za waya woduka, za makalata anayi amene antchito analembera ku likulu chaka chimenecho, ndi za pepala la a loya. Abwana aakulu anandiitana, anandifunsa za bala langa mwaulemu, kenako anandipempha kuti ndichotse ndime ziwiri. Ndinakana. Sanandichotse ntchito. Anangondisamutsira ku nyumba yosungiramo katundu, kumene ndinkawerenga zipewa ndi magolovesi. Patatha miyezi inayi ndinasiya ndekha.

Kukhoti anandiitana ngati mboni. Woimira boma anandifunsa ngati ndinaona amene anaika dzanja la a manijala pa macheka. Mkulu wa malemu anali m'bokosi la oimbidwa mlandu, ataonda, akundiyang'ana monga anandiyang'anira m'shedi muja.

"Ndinamuona," ndinatero. "Ndi uyo."

Loya wake atandifunsa za makina, ndinanenanso zonse, zithunzi n'kuzipereka. Woweruza anamva mbali zonse ziwiri. Mkulu wa malemu anamupatsa zaka zisanu ndi zinayi m'ndende. Ena asanu ndi mmodzi analandira zaka zitatu aliyense. A manijala anachotsedwa ntchito akadali ndi bandeji. Kampani inalamulidwa kukonza makina, ndipo fakitale inatsegulidwanso ndi antchito atsopano.

Ndikutuluka m'khoti, mayi wina wachitsikana anandiimitsa pakhonde. Anali ndi mwana kumanja. Sindinamudziwe mpaka atayankhula.

"Ndine mkazi wa malemu uja."

Ndinayamba kupepesa, iye n'kupukusa mutu.

"Simunaname, mayi. Ndamva zonse. Kungoti pakhomo pathu panali amuna awiri, tsopano palibe ndi mmodzi yemwe." Anayang'ana kumene apolisi ankatulutsira akaidi kupita ku lole. "Mungandigwirireko mwanayu? Ndikufuna ndikawatsanzike alamu anga asanakwere."

Ndinamulandira. Anali wolemera kuposa mmene ankaonekera, ndipo sanalire. Mayi ake anathamanga kutsika masitepe, akuitana, wapolisi wina n'kuwatchinga ndi mkono. Anayankhulana ndi alamu awo chapatali choncho, mokuwa, za mbuzi yoti igulitsidwe ndi za amayi awo odwala, mpaka chitseko cha lole chinatsekedwa.