Mano a Dona

Telala anali atawerama pabeseni akuchapa malaya a bambo ake pamene anaona dontho la magazi pamkono wakumanja. Linali loderako, louma, ndipo sopo sankaligwira. Anatenga malaya a dzana, napeza dontho lomwelo pamalo omwewo. Anasiya zochapa m'madzi n'kuthamangira m'nyumba, thovu likudontha m'zigongono.

Bambo ake anali pampando wawo wa masiku onse, pafupi ndi zenera, moyang'anizana ndi khola la Dona. Donayo anali gologolo wamkazi. Anagwa kuchokera kudenga ali kakhanda kosaphenya, nthawi imene bambowa anali adakali kalipentala wamphamvu zake, ndipo mwendo wake umodzi wakumbuyo unapola mokhota. Bambo anamulera ndi mkaka wa m'sirinji, namukhomera khola la mawaya lalitali kuposa kabati ya mbale, lokhala ndi nthambi ndi kabokosi kogonamo. Dzinalo analipata chifukwa cha matama. Mtedza wofumbwa sankaulawa n'komwe. Ankauponya pansi n'kukuyang'ana ngati wamunyoza.

Kenako sitiroko inabwera n'kugwira mbali yakumanja ya bambo. Mwendo unabwererako pang'ono, pakamwa panawongoka, koma dzanja linangokhala pantchafu ngati katundu amene eni ake aiwala kudzatenga.

"Ababa, tandionetsani dzanja," anatero Telala.

"Liti? Ndili nawo awiri, ngakhale lina lili patchuthi."

"Lapatchuthilo."

Bambo anayang'ana kuzenera. Telala anakwinya mkono wa malaya yekha. Pachala cholozera ndi m'munsi mwa chala chachikulu munali tizilonda tozama, tiwiritiwiri, ndipo kamodzi kanali katayamba kutupa.

"Ndi Dona ameneyu?"

"Tinangosemphana maganizo pang'ono."

"Musandiseketse, ababa, sindikuseka. Inu muli ndi shuga. Anesi aja ananena chiyani? Kachilonda kotereka kangathe kudya chala chonse."

Kunena zoona, Telala anali ataona kale kuti Dona wasintha. Kanyama kamene kankagona m'thumba la jekete ya bambo kanali katasanduka kachilombo. Kankazungulira khola osapuma, mchira ukugwedezeka, kakulira tcheke tcheke, ndipo munthu akangodutsa kankadziponya pawaya mano ali pamtunda. Mumtengo wa kuseri kwa zenera munali mutayamba kusonkhana agologolo ena, amene ankathamangitsana tsiku lonse ngati kulibe ntchito ina padziko.

Masana anaimbira foni mlongo wake wamkulu, amene ankakonda bambo awo kwambiri, makamaka pafoni.

"Tsegula zeneralo kazipita," anatero mlongoyo. "Kanyama ka m'tchire n'ka m'tchire basi."

"Ndi mwendo wokhotawo, achimwene? Mphaka wa aneba akuthokozani. Ndipo mukudziwa kuti ababa amadzuka m'mawa chifukwa cha iyeyu? Ine ndikawadzutsa amatembenukira kukhoma. Dona akalira, amayamba kufunafuna ndodo."

"Ndiye usankhe, chemwali: gologolo kapena dzanja la ababa."

Mawu amenewa anamupweteka Telala chifukwa sanali opanda nzeru. Anajambula kanema wa Dona pafoni, nasiya diresi la kasitomala lili pamakina osokera, n'kupita kwa dokotala wa ziweto. Dokotalayo, mayi wa mawu aakulu, anaonera kanemayo akumwetulira.

"Sanapenge ayi," anatero. "Yangokwana nthawi yake yofuna mwamuna. Anyamata a mumtengowo amva fungo, nayenso wawamva. Thupi likumuuza kuti tuluka, waya akumuuza kuti khala. Ndiye aluma ndani? Amene ali pafupi."

"Zidzatha?"

"Zitha pakapita masiku, koma zizibweranso nyengo ndi nyengo. Musamumenye, musamukalipire. Khola lichoke pazenera. Mpatseni timitengo totafuna ndi tinsanza tong'amba, telala simungasowe nsanza. Chakudya chizilowa pambale, osati padzanja. Koma ine ndikuopa chala cha bambo anu kuposa gologoloyo. Apite kuchipatala lero."

Telala anachita zonse. Kuchipatala anatsuka zilonda, anamanga bandeji, anapereka mankhwala. Khola analikokera pakona ya chipinda, kutali ndi zenera, ndipo pachitseko chake anaikapo loko. Kiyi anaimangirira pakhosi pamodzi ndi tepi yoyezera.

Bambo sanatsutse. Anangosuntha mpando wawo kulondola khola, n'kusiya nthabwala. Chakudya ankangochitosatosa. Telala ankawafunsa ngati dzanja likuwawa, iwo n'kungoseka kaphwete kosakoma. Iye anaganiza kuti akwiyira lokoyo, ndipo anadziuza kuti akwiye bola chala chikhalepo.

Tsiku lina masana ulusi unaduka pamakina. Phokoso litangoleka, Telala anamva waya wa khola akulira kuchipinda kuja. Anadzuka mwakachetechete n'kukaima pakhomo.

Bandeji inali pansi. Bambo ake anali atanyamula dzanja lakufa lija ndi dzanja lamanzere, ngati munthu wonyamula mwana wa nkhuku, n'kulowetsa chala pakati pa mawaya. Dona anatsika panthambi ngati mphezi naluma. Bambo sanachotse chalacho. Anatsinzina, nkhope yawo ili phee, ngati akumvetsera nyimbo ya kutali.

"Ababa!"

Dona anathawira m'kabokosi. Telala anakoka dzanjalo, nalikulunga ndi chidutswa cha nsalu chimene chinali papewa pake.

"Mwatani kodi? Mukufuna akuduleni? Ine ndikuthamanga uku ndi uku, ntchito za eni zaima, inu mukudyetsa gologolo chala chanu! Ndikanatsatira za achimwene bwenzi zonsezi kulibe."

"Ndimamva," anatero bambo motsitsa.

"Mukanamamva bwenzi mutasiya."

"Sindikunena mawu ako, mayi wanga. Ndikunena mano ake. Ndimawamva."

Telala anakhala pansi pomwepo, dzanja lija adakaligwira.

"Tsiku loyamba inali ngozi," anapitiriza bambo. "Ndinkamupatsa mtedza ndi lamanzere, ili ndinangolitsamiritsa pawaya. Anandilumphira. Ndipo ndinamva. Kutali, ngati munthu akugogoda kwa aneba, koma ndinamva. Chidwalireni dzanja ili silinandiuzepo kanthu. Madzi otentha, madzi ozizira, zonse chimodzimodzi. Dzanja limene linkadziwa thabwa losalala ndili chitsinzinire! Ndinabwereza mawa lake kuti ndione ngati sindinalote."

"Nanga bwanji osandiuza?"

"Ukanati chiyani? Iwe umalisambitsa, umalilowetsa m'malaya, umalibwezera pantchafu. Umachita bwino, sindikudandaula. Koma m'nyumba muno ndi Dona yekha amene amalitenga ngati lamoyo."

Telala anayang'ana dzanja limene analigwiralo. Anachita manyazi, ndipo pansi pa manyaziwo panali chisoni chachikulu. Anayesa kukumbukira tsiku limene anagwira dzanja la bambo ake popanda sopo, thaulo kapena mkono wa malaya, ndipo sanalipeze. Ankalinyamula mosamala ngati nsalu ya kasitomala wovuta, kuopa kulithimbiriza. Anali ataliika kale m'gulu la zinthu zimene zinapita.

Anatsuka chilonda chatsopanocho, nachimanganso. Kenako anapita kuseri kwa nyumba, kumene zipangizo za bambo zinkachita dzimbiri, nabwera ndi waya wa timaso ting'onoting'ono, hamala ndi misomali.

"Dona sachoka," anatero. "Si mlandu wake, nthawi yake ndiyo yamuvuta. Koma chala chanu sachionanso mpaka mutu wake uzizire. Ndiuzeni pokhoma."

Bambo analoza ndi ndodo.

"Yambira pamwamba, ukoke waya alimbe. Ayi, osagwira hamala pakhosi ngati ukuinyonga, igwire kumapeto. Mwana wa kalipentala wanji iwe?"

Waya atatha kukhomedwa, Telala anaponyera m'khola tizidutswa ta nsalu ndi kanthambi kouma. Dona anatuluka, nagwira kansalu kofiira n'kuyamba kukang'amba ndi ukali wonse umene anali nawo. Telala anakoka kampando, nakhala moyang'anizana ndi bambo ake, n'kuika dzanja lija pamaondo ake.

"Mawa tikawauze akuchipatala kuti layamba kumva. Mwina ali ndi zochita zawo. Koma lero tiyese ife. Tsinzinani."

Bambo anatsinzina. Telala anatsina pang'ono kuseri kwa dzanja, kutali ndi zilonda.

"Apa?"

"Palibe."

"Nanga apa?"

"Wayamba kale kodi?"

Anayesa pachikhatho, anayesa pakachala kakang'ono. Palibe. Telala anayamba kuopa kuti mwina bambo ake ankangodzinamiza.

"Ukundisisita ngati khanda," anatero bambo, maso ali chitsinzinire. "Dona sachita nane ulemu. Ndiye chifukwa chake amandipeza."

Telala anapuma mozama. Chibadwireni anali asanapwetekepo bambo ake dala. Anasankha mnofu wa pakati pa chala chachikulu ndi cholozera, naika zikhadabo zake zolimba ndi singano, n'kufinya ndi mphamvu zake zonse.

Nsidze za bambo zinagwedezeka.

"Apo," ananong'ona. "Kuli munthu akugogoda."

Telala anafinyanso, misozi ikugwera pabandeji.

"Mayo!" anakuwa bambo. "Iwe mwana, ukufuna kundipha?"

Dona anasiya kansalu kake n'kuwayang'ana onse awiri. Diresi la kasitomala linali lidakali pamakina, zochapa zili mbwee pabwalo, koma Telala sanadzuke. Anasunthira zikhadabo zake patsogolo pang'ono.

"Tsinzinaninso, ababa," anatero. "Nanga apa?"