Paipi ya M'ngalande

Tsiku lomaliza limene mnyamata wina anaona mlongo wake ali moyo, mlongoyo anali pa mpopi wa pakhomo, akumuseka. "Achimwene, koleji munaithawa, koma ndowa iyi simuithawa. Nyamulani!" Mlongoyo anamwa madzi ndi manja, napukuta pakamwa. Mnyamatayo anapita kukasaka ntchito kutali. Pobwera anapeza anthu ali pakhomo, maso pansi. Matenda otsekula m'mimba anali atamutenga mlongo wakeyo, kusiya kamwana kakakazi kongoyamba kuyenda.

Misozi isanaume, kamwanako kanayambanso kutsekula. Atakasiya kuchipatala ndi agogo ake, mnyamatayo analunjika ku ofesi ya madzi.

"Madzi anu andiphera mlongo wanga," anatero asanapereke n'komwe moni.

Mayi woyeza madzi sanakwiye. "Pepani, achimwene. Khalani pansi. Madzi timapopa kumtsinje. Timawasiya kuti matope atsike, timawasefa pamchenga, kenako timathira mankhwala opha tizilombo. Kuno amachoka ali abwino. Koma paipi ikabooka panjira, tsiku limene madzi asiya imayamwa chilichonse chili pafupi. Akabweranso, zonsezo zimathera m'kapu yanu. Kwanuko palibe podontha?"

Mnyamatayo anavomera kuti palipo. Malowo ankawadziwa, ndipo aliyense ankawadziwa. Kuseri kwa nyumba, alandilodi anaboola paipi yaikulu kuti akokere madzi ku nyumba zawo za lendi. Poboolapo anangomanga ndi mphira, m'kati mwa ngalande yodutsa kuzimbudzi.

Alandilodi atamva kuti a madzi akubwera, anafika thukuta lili kamukamu.

"Iwe, ukangowaonetsa, katundu wanu panja! Madzi a pampopi ngothira mankhwala, sapha munthu. Mlongo wako inali nthawi yake."

"Nthawi yakeyo munaimanga ndi mphira, bambo."

Amayi a mnyamatayo, omwe anabwera kudzatenga zovala za mwana, anamukoka malaya. "Mwanawe, tikagona kuti?"

"Ngakhale pansi pa mtengo, amayi. Mdzukulu wanu akatuluka m'chipatala adzamwa chiyani?"

A madzi atafika, mnyamatayo anatenga fosholo n'kulowa m'ngalandemo, matope onunkha kulekeza m'mawondo.

"Onani digiri ija!" anakuwa telala wa nyumba yoyandikana. Koma mphira uja ataonekera, madzi akuda atauzungulira, kuseka kunatha. Mkazi wa telalayo anataya pansi madzi amene anali m'kapu ya mwana wake.

"Alandilodi," anatero mkaziyo, "mukawachotsa awa, tonse tisamuka. Mutsale ndi makoswe, azikulipirani lendi."

Palibe amene anachotsedwa. A madzi anadula paipi yowolayo, anaika ina kutali ndi ngalande, nalumikiza nyumbazo mwalamulo. Mayi woyeza madzi anasonkhanitsa anthu onse pabwalo.

"Mpaka titayeza n'kukuuzani kuti ali bwino, wiritsani madzi akumwa, muwasunge m'ndowa yovundikira. Osaboola paipi. Mukaona podontha, kapena madzi akabwera akuda kapena onunkha, tiuzeni tsiku lomwelo. Kubisa paipi yobooka n'kubisa imfa m'nyumba mwanu."

Kamwana kaja kanachira. Katabwera kunyumba kanayamba kuthamangitsa nkhuku za telala, amalume ake akukathamangira pambuyo ndi kapu ya madzi owiritsa.

Madzi a pampopi anayezedwa n'kupezeka abwino pa 14 Okutobala.